Kodi Wosachita Kanthu Angapalamule Mlandu?

Damu ndi chinthu chodabwitsa tikachiganizira bwino. Anthu amatseka mtsinje ndi khoma, naunjika madzi ochuluka kumtunda kwa midzi ndi mizinda, ndipo kunsi kwa khomalo anthu ena amalima, amakwatira, amabala ana, nagona tulo usiku ndi usiku. Ambiri mwa iwo khomalo sadalionepo. Sadziŵa amene adalimanga, sadziŵa amene amaliyang'anira, ndipo palibe adaŵafunsa ngati alola kugona m'munsi mwa nyanja. Moyo wao uli m'manja mwa anthu achilendo: mmisiri amene ayenera kuyendera khomalo, kalaliki amene ayenera kutumiza lipoti lake, nduna imene iyenera kupatula ndalama zokonzera.

Tsono tiyerekeze kuti anthu ameneŵa sadabe kanthu, sadamenye munthu, sadagumule ngakhale mwala umodzi wa khomalo. Adangozengereza basi. Lipoti lidagona m'kabati, ndalama zidapita kwina, chaka chidatha nkubwera china. Kodi munthu wotere wapalamula? Ndipo funso lovuta koposa nali: ngati damulo silidagumuke, pamenepo ali ndi mlandu kapena alibe? Tiyambe ndi zimene zidaoneka ku Derna, pakuti funso lotere limamveka bwino kumene lidaliritsa anthu.

Mzinda wa Derna uli m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kuvuma kwa dziko la Libya. Pakati pake pamadutsa khwaŵa lalikulu lochokera ku mapiri, limene limakhala louma miyezi yambiri. Pofuna kuteteza mzindawo ku madzi osefukira, boma lidamangitsa madamu aŵiri pa khwaŵalo m'zaka za m'ma 1970, lina kumtunda, lina pafupi ndi nyumba za anthu. Makoma ake adali a dongo ndi miyala. Mu 1998 akatswiri adapeza ming'alu m'madamuwo. Mu 2007 kampani ina ya ku Turkey idapatsidwa ntchito yoŵakonza, koma ntchitoyo idaima pamene nkhondo idabuka mu 2011. Bungwe la boma lofufuza za kayendetsedwe ka chuma lidalemba mu 2021 kuti madamuwo sadakonzedwe, chonsecho ndalama zoposa madola 2 miliyoni zidapatulidwa mu 2012 ndi 2013. Mu 2022 katswiri wa za madzi wa pa yunivesite ya Omar Al-Mukhtar, Abdelwanees Ashoor, adasindikiza chenjezo lakuti madamuwo akapanda kukonzedwa msanga, chigumula chachikulu chidzagwetsa mzindawo m'tsoka.

Usiku wa pa 10 Seputembala 2023, kucha kwake pa 11, namondwe wotchedwa Daniel adagwetsa mvula yoopsa m'mapiri muja. Damu lakumtunda lidagumuka, madzi ake adakagumula lakunsi, ndipo anthu ali m'tulo chigumula chidakokolola nyumba zosanja, milatho ndi mabanja athunthu, nkukaŵataya m'nyanja. Mitembo yoposa 4,000 idaŵerengedwa, ndipo anthu ena zikwi zingapo sadapezeke. Mu Julayi 2024 khoti la ku Derna lidalamula kuti akuluakulu 12 akakhale ku ndende zaka za pakati pa 9 ndi 27. Makolo athu adati madzi saiŵala khwaŵa. Patapita zaka 25 chipezekereni ming'alu ija, madzi adakumbukadi njira yao. Amene adaiŵala ndi anthu.

Mlandu wa kusachita kanthu si wachilendo. Hammurabi, mfumu ya ku Babylon imene idalamulira zaka pafupifupi 1,750 Khristu asanabadwe, adalembetsa malamulo ake pa mwala, ndipo limodzi mwa iwo likunena za mlimi waulesi wosalimbitsa khoma la ngalande yake. Khomalo likabooka madzi nkuononga minda ya anzake, mlimiyo ankabweza mbeu zonse zoonongekazo; akalephera, ankamgulitsa iyeyo pamodzi ndi katundu wake, ndipo eni minda ankagaŵana ndalamazo. Lamulo la Mose, m'buku la Eksodo mutu 21, limasiyanitsa eni ng'ombe aŵiri. Ng'ombe ikagunda munthu mwadzidzidzi nkumupha, mwini wake alibe mlandu. Koma ngati ng'ombeyo inkagunda kale, mwini wake adachenjezedwa koma osaitsekera, imfa ya munthuyo ili pamutu pake. Nyanga nzofanana, maliro ngofanana; chosiyanitsa nchakuti mmodzi adauzidwa.

Thomas Woyera wa ku Aquino, amene adamwalira mu 1274, adaika nkhaniyi m'fanizo la chombo. Chombo chikamira, anthu amaimba mlandu woongolera chifukwa adaleka kuongolera, ngakhale kuti sindiye adautsa namondwe. Koma Thomas adaonjeza kuti mlanduwo umamgwira munthu pokhapokha ngati adali wotha kuongolera, ndiponso ngati kuongolerako idali ntchito yake. Tikaphatikiza fanizo limeneli ndi lamulo la ng'ombe lija, tipeza mafunso atatu oyesera nawo aliyense wosunga damu. Kodi adadziŵa? Kodi akadatha? Kodi udali udindo wake?

Kodi adadziŵa?

Si damu lililonse logumuka limene lili ndi wolakwa. Pa 2 Disembala 1959 damu la Malpasset, kumwera kwa France, lidagumuka usiku nkupha anthu 423 m'tauni ya Fréjus ndi m'madera oyandikana nayo. Wolemba mapulani ake adali André Coyne, mmodzi mwa akatswiri otchuka pa dziko lonse. Khoma la konkire lidali lolimba. Chidagonja ndi thanthwe limene khomalo lidatsamirapo, pakuti m'kati mwake mudali mng'alu wobisika, ndipo madzi adaloŵa pansi nkulikankha. Milandu idazengedwa zaka zingapo, koma makhoti sadapeze munthu wolakwa, poona kuti nzeru za nthaŵi imeneyo zidali zisanafike pomvetsa bwino mphamvu ya madzi m'matanthwe otere. Ulipodi umbuli umene munthu sangaupeŵe ngakhale atachita khama, ndipo umenewo sapalamula nawo mlandu. Apa mpamene munthu anganene moona kuti tsoka silinunkha.

Koma ulipo umbuli wina wochita kuufuna. Munthu akumva kupweteka m'chifuwa, koma safuna kupita ku chipatala kuopa zimene dokotala akanene. Momwemonso ofesi ikhoza kuleka kutuma oyendera madamu, podziŵa kuti akapita adzabwerako ndi lipoti lofuna ndalama. Aphunzitsi a za makhalidwe amati umbuli wotere suchepetsa mlandu, umauonjezera, popeza munthuyo wadzitseka maso dala kuti mtima usamamtsutse.

Ndipo damu, makamaka la dothi, kaŵirikaŵiri limachenjeza lisanagwe. Madzi pang'ono oyera ochucha kunsi kwa khoma sadetsa nkhaŵa kwenikweni. Koma akayamba kutuluka amatope, ndiye kuti akukokolola dothi la m'kati mwa khomalo, ndipo kabowo kakang'ono kadzasanduka mphanga. Ming'alu ya pamwamba, kutitimira kwa khoma, mitengo yomera pakhomapo imene mizu yake ikaola imasiyira madzi njira, chiswe chomanga chulu, ngalande yotayira madzi yotsekeka ndi zinyalala, zonsezi ndi mau amene damu limalankhula. Boma limene silituma munthu wokamva mau ameneŵa silinganene kuti silidadziŵe.

Kodi akadatha?

Wina anganene kuti: "Mvula ya ku Libya idali yosaonekapo. Ku Al-Bayda, mzinda wina wa m'mapiri omwewo, kudagwa mamilimita oposa 400 m'maola 24. Ngakhale damu lokonzedwa bwino mwina likadagonja." Mau ameneŵa tisaŵataye, pakuti mwina ngoona. Koma kuteteza anthu sikuthera pa khoma lokha. Amene adziŵa kuti damu lake nlofooka, ndipo alibe njira yolilimbitsira, angathe kuikapo mlonda usiku wa mvula, kukonza njira yochenjezera anthu, kuŵaonetseratu kothaŵira, ndi kuletsa kumanga nyumba m'khwaŵa. Patangopita masiku oŵerengeka chichitikireni ngoziyo, Petteri Taalas, amene pa nthaŵiyo adali mkulu wa bungwe la United Nations loona za nyengo, adanena kuti imfa zambiri zikadapeŵeka kukadakhala machenjezo oyenda bwino ndi kusamutsa anthu. Woongolera chombo sangaletse namondwe, koma angathe kudzutsa ogona.

Winanso anganene za umphaŵi, ndipo mfundo yake njolemera koposa. Boma losauka lili ndi zipatala zosoŵa mankhwala, aphunzitsi odikira malipiro, alimi ofuna feteleza. Mwana wodwala malungo ali ndi dzina ndi nkhope, ndipo akulira lero lomwe. Amene angadzafe ndi damu ndi anthu a mwina, a tsiku losadziŵika. Nduna imene yasankha kugula mankhwala sitingaitche wakupha. Komabe kulephera ndi kusafuna nzinthu ziŵiri, ndipo zimasiyanitsika poona chimene munthu amachita akazindikira kuti yekha sangathe. Pa mfundo imeneyi chitsanzo tili nacho pafupi, pa mtsinje wa Zambezi.

Damu la Kariba, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, lidamalizidwa mu 1959, ndipo mapulani ake adalemba ndi André Coyne yemwe uja. Khoma lake nlotalika mamita 128, ndipo nyanja imene lidapanga imasunga madzi ambiri kupambana nyanja ina iliyonse yopangidwa ndi anthu. Atonga okwana 57,000 adasamutsidwa m'chigwamo, antchito 86 adafera pa ntchito, ndipo pakati pa osenza miyala ndi simenti padali ambiri ochokera ku Nyasaland. Pakhomapo pali zitseko 6 zotayira madzi. M'zaka za mvula yambiri, madzi ogwa kuchokera pa zitsekozo adakumba thanthwe lakunsi mpaka dzenje lidazama mamita 80, ndipo dzenjelo lidayamba kudyera cha ku maziko a khoma. Konkire wa pa zitseko nayenso adatupa pang'onopang'ono, kotero kuti padali nkhaŵa yakuti tsiku lina zitsekozo zidzakana kuyenda. Akatswiri adaŵerengera kuti khomalo litagwa, chigumula chikadakantha damu la Cahora Bassa ku Mozambique, ndipo anthu 3 miliyoni kapena kupitirira akadakhala pa ngozi, kuphatikizapo abale athu a kunsi kwa chigwa cha Shire, kumene madzi amabwerera m'mbuyo Zambezi akadzaza.

Maiko aŵiriwo sadali olemera, ndipo onse adali ndi ngongole zoŵalemera. Koma bungwe lao loyang'anira damulo, Zambezi River Authority, lidavomera kuti zinthu sizili bwino, ndipo maboma adapempha thandizo. Ndalama zokwana madola 294 miliyoni zidasonkhedwa ndi European Union, World Bank, African Development Bank, dziko la Sweden ndi bungwelo. Ntchito idayamba mu 2017. Amisiri adatchinga mtsinje kunsi kwa dzenje, napopa madzi, naphwanya thanthwe lokwana makyubiki mita pafupifupi 300,000 kuti dzenjelo litambasuke chakunsi, madzi azithera mphamvu kutali ndi maziko. Gawo limeneli lidatha mu 2024, ndipo ntchito yokonza zitseko idayamba mu 2019. Zidachedwa ndithu, koma zidachitika madzi asanaŵeruze.

Mmphaŵi amene denga lake lagwa mbali amauza anansi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amene amabisa, kaya chifukwa cha manyazi kaya kuopa kutaya mpando, asanamizire umphaŵi. Kusoŵa ndalama kumachepetsa zimene boma lingachite, koma sikulipatsa ufulu wokhala chete.

Kodi udali udindo wake?

Madamu ambiri ali ndi eni ake: esiteti, mgodi, bungwe logulitsa madzi kapena magetsi. Nanga boma likuloŵapo bwanji? Chifukwa chake nchakuti phindu la damu limapita kwa mwini wake, pamene ngozi yake imagwera anthu ena. Mwini damu akamayang'ana khoma lake amaona ndalama zimene kukonza kungadye, ndipo ngakhale munthu wolungama diso lake limakondera thumba lake. Nchifukwa chake pamafunika wina woima pakati, wokhala ndi mphamvu yolamula kuti: konza, apo ayi tsitsa madzi. Mlimi wa kunsi kwa mtsinje alibe nzeru zoyesera khoma, alibenso mphamvu yolamula mwini esiteti. Boma lilipo chifukwa cha ubwino wa anthu onse, ndipo ubwino woyamba, umene zina zonse zimatsamirapo, ndi moyo.

Kuti kuyang'anira kotere kumathandiza, umboni ulipo. Mu 1925 madamu adagumuka ku Dolgarrog, m'dziko la Wales, ndipo anthu 16 adafa. Mu 1930 nyumba ya malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lakuti damu lililonse lalikulu liziyenderedwa ndi katswiri wovomerezeka, zisanadutse zaka 10 chiyendereni mnzake. Chiyambire pamenepo palibe munthu adafa chifukwa cha kugumuka kwa damu la madzi m'dzikomo. Lamulo lotere limapindula pamene woyenderayo ali mfulu, wosaopa mwini damu. Ndipo kumene boma lomwe ndiye mwini wake, ufulu wa woyenderayo umafunika kaŵiri.

Chovuta cha m'maofesi nchakuti ntchito imadutsa m'manja ambiri. Mmisiri amati, "Ine ndidalemba." Kalaliki amati, "Ine ndidatumiza." Mkulu wa nthambi amati, "A zachuma sadandipatse." A zachuma amati, "Palibe adatiuza kuti nzamsanga." Aliyense akunena zoona, koma anthu afa. Mlandu sugaŵika ngati nsima, kuti odya akachuluka aliyense atenge mbamu yochepa. Aliyense amasenza gawo lake lathunthu. Mmisiri amene adziŵa kuti lipoti lake lagona m'kabati sanamalize ntchito. Alembenso, akagogode kwa wamkulu, ndipo zikakanika anene poyera, chifukwa amene akuŵatumikira kwenikweni ndi aja ogona kunsi kwa khoma.

Nanga ngati damu silidagumuke?

Tiyerekeze akuluakulu aŵiri a m'maboma aŵiri. Onse adalandira lipoti lonena za ming'alu, onse adalitsekera m'kabati. Kwa mmodzi mvula yoopsa idagwa, ndipo lero ali ku ndende. Kwa mnzake mtambo udapatuka, ndipo adapuma pa ntchito mwaulemu, anthu akumthokoza. Ku khoti anthu aŵiriŵa ngosiyana, popeza khoti limafuna kuona choonongeka. Koma tikafunsa kuti wina adachita chiyani chimene mnzake sadachite, sitipeza kanthu. Mvula sadaigwetse ndi woyambayo, ndipo wachiŵiriyo sindiye adaipatutsa. Chimene chidali m'manja mwao ndi kabati ija basi, ndipo pamenepo adachita zofanana.

Dalaivala amene adziŵa kuti mabuleki a basi yake ngofooka, nanyamula anthu kutsika nawo mapiri a ku Chikwaŵa, wapalamula ngakhale akafike bwino. Watchova juga ndi moyo wa eni ake osaŵauza. Chimodzimodzi wosunga damu: mlandu wake udabadwa tsiku lija adatseka kabati, dzuŵa likuŵala, ndipo usiku wa chigumula udangouulula. Pa Misa timavomera pamaso pa Mulungu ndi pa anzathu kuti tachimwa pa zimene tidachita ndiponso pa zabwino zimene tidalekerera, ndipo sitidikira kuti wina ayambe wavulala. Motero nthaŵi yoyenera kuyesa boma pa nkhani ya madamu ndi m'chilimwe. Kuliimba mlandu pa maliro nkoyenera, koma madzi akatayika saoleka.

Pano nkhaniyi yatifika ife tomwe. Damu latsopano limatsekulidwa ndi mbendera, magule ndi mwala wolembedwa dzina la mtsogoleri. Kukonza damu lakale kulibe gule, pakuti ntchitoyo ikayenda bwino chotsatira chake nchakuti palibe chachitika. Ngati ife ovota tiombera m'manja zatsopano zokha, atsogoleri amaphunzira msanga kumene kuli ulemu, ndipo ndalama zimatsata ulemuwo. Zengerezu uja adalinda kwaukwau sakhala ku likulu kokha.

Madamu tili nawo: a Kamuzu ku Malingunde, la Mulunguzi pamwamba pa mzinda wa Zomba, la Mudi ku Blantyre, la Lunyangwa ku Mzuzu, ndi ang'onoang'ono a dothi ambirimbiri m'maesiteti ndi m'midzi. Poŵatchula sitikunena kuti ngoopsa. Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira pa Shire, dziko nkutaya mphamvu ya magetsi yokwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthaŵi yoposa chaka, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy adatiwonetsa mvula imene mapiri athu angalandire. Lamulo la za madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, kotero kofunsa kulipo. Si chipongwe kufunsa khansala kapena phungu mwaulemu kuti: damu lili kumtunda kwathuli lidayenderedwa liti, adaliyendera ndani, adapeza chiyani, ndipo tsiku la ngozi adzatichenjeza bwanji? Amene afunsa zotere ayambe wasesa pakhomo pake: asalime pa khoma la damu, asatseke ngalande yotayira madzi pofuna kuchulukitsa a ku dimba, ndipo akaona madzi amatope akutuluka kunsi kwa khoma akauze amfumu ndi a ku ofesi ya DC tsiku lomwelo.

Pa phiri la m'tauni ya Kariba pali tchalitchi cha Barbara Woyera, chimene amisiri a ku Italy adamanga pokumbukira anzao ofera pa ntchito yomanga damu. Nkoyenera kuti omanga azikumbukiridwa chotero. Koma alipo ena amene maina ao sadzalembedwa pa mwala: woyendera amene amakwera khoma m'maŵa uliwonse kukaŵerenga miyeso, kalaliki amene salola lipoti kugona, phungu amene amaumirira ndalama zokonzera pamene anzake akufuna zoonetsa. Anthu otere tiŵafunefune, tiŵalimbitse mtima, ndipo ana athu tiŵalere kuti adzakhale otero. Chifukwa cha iwo, mwana wobadwira kunsi kwa khoma amakula, nakalamba, nafa imfa ya pamphasa, osadziŵa kuti padali munthu amene ankamlondera.